Kalata Yotseguka kwa Osunga Ndalama Zolimbana ndi Chilala: Magalasi a VR Akuvala Ndani?

Kwa akuluakulu a UNCCD, bungwe la United Nations lolimbana ndi chilala ndi kufalikira kwa chipululu, nduna zoona za nthaka, madzi ndi chilengedwe m'mayiko okhala ndi madera ouma, mabungwe opereka thandizo, ndiponso eni makampani opanga zida za VR ndi AR.

Olemekezeka mabwana ndi madona,

Landirani moni wanga, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pa udindo wolemera umene mwasenzawo. Ndasankha kulemba poyera m'malo mokugogoderani mmodzimmodzi, chifukwa eni nkhaniyi ndi anthu amene sadzapondako pakhomo la maofesi anu. Ndikufuna nawonso amve zimene ndikunena za iwo, kuti pomwe ndaphonya andiwongolere. Ndine mlangizi wa za nthaka ndi madzi. Ntchito yanga ndi kuyeza kutsetsereka kwa minda, kukhoma zikhomo za akalozera, ndi kubwerera chilimwe chikafika pachimake kukawerenga mbande zimene zatsala ndi moyo.

Chandilembetsa ndi ichi. Masiku ano mukatsegula mapulani a mapulojekiti ena okonzanso nthaka m'madera ouma, mumapezamo gawo la ndalama za virtual reality kapena augmented reality, zomwe ambiri timangoti VR ndi AR. Pamisonkhano ikuluikulu ya zachilengedwe mumapeza kangodya komwe nthumwi zimafola kuti zivale magalasi n'kuona chipululu zili khale m'chipinda chozizira bwino. Ndalama zimenezi sizigwa kumwamba. Zimatuluka m'thumba lomwelo limene mumatulukanso za mijigo, za nazale, za mafuta a njinga yamoto ya mlangizi. Ndipo pogawa thumbalo, eni minda ndi eni ziweto safunsidwa.

Kwa owerenga amene sanavalepo zidazi: VR imakutsekani maso kuti musaone pomwe muli, n'kukuikani pamalo ena ojambulidwa ndi kamera yoona mbali zonse kapena omangidwa pakompyuta, ndipo mukacheuka malowo amacheuka nanu. AR imakusiyani pomwe mulipo, koma pa zimene kamera ya foni ikuona imawonjezerapo mizere, mivi ndi zilembo, monga kukuonetsani pomwe paipi yadutsa pansi pa msewu umene mwaimapo. Ine sindidana nazo. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kutsogoloku nditchula pomwe kalumo kameneka kangamete ndithu. Koma poyamba mundilole ndidandaule.

Kukula kwa vutoli mukukudziwa kuposa ine, poti ziwerengero zake ndi zanu zomwe. Lipoti limene UNCCD inatulutsa pamsonkhano wake waukulu wa mayiko wotchedwa COP16 ku Riyadh, m'dziko la Saudi Arabia, mu December 2024 linati m'zaka 30 zofika 2020, magawo oposa atatu mwa anayi a nthaka ya dziko lapansi anauma kuposa mmene analili m'zaka 30 za m'mbuyo mwake. Madera ouma tsopano ndi 40.6 peresenti ya nthaka yonse kupatula Antarctica, ndipo mukukhala anthu 2.3 biliyoni.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti magalasiwa akuvala ndi munthu wolakwika.

Mu 2015 bungwe la United Nations linapanga kanema wa VR wosonyeza moyo wa mtsikana wa ku Syria mumsasa wa Za'atari ku Jordan, n'kukamuonetsa kwa atsogoleri ndi anthu achuma pamsonkhano wa ku Davos m'dziko la Switzerland. Kuchokera apo chikhulupiriro chinafala choti munthu akangoima pakati pa mavuto a anzake kudzera m'magalasi, mtima umamugunda, dzanja n'kulowa m'thumba. Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America anapezanso kuti anthu amene anadula mtengo mu VR, akumva kunjenjemera kwa sowo m'manja mwawo, anagwiritsa ntchito mapepala ochepa kuposa anzawo amene anangowerenga za kudula mitengo. Zoona zimenezo, koma ofufuzawo anayeza kuchuluka kwa mapepalawo anthuwo atangovula kumene magalasi. Mu 2021 ofufuza ena anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 43, n'kupeza kuti VR imautsa chisoni, inde, koma siithandiza kwenikweni munthu kumvetsa maganizo a mnzake, ndipo siiposa njira zotsika mtengo monga kungowerenga nkhani.

Nanga chomwe chikusowa m'dziko muno ndi chisoni kodi? Pakati pa 2020 ndi 2023 mvula inakanika nyengo zisanu zotsatizana ku Somalia, ku Ethiopia ndi ku Kenya. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo ku Somalia unatulutsa pamodzi ndi WHO ndi UNICEF anasonyeza kuti mu 2022 mokha chilalacho chinatenga miyoyo pafupifupi 43,000 m'dzikolo, theka lake ana osakwana zaka zisanu. Machenjezo analipo kale zinthu zisanafike poipa, ndipo zithunzi zinali paliponse. Kenako ku Riyadh mayiko anakambirana masabata awiri n'kubalalika osagwirizana pa pangano lothana ndi chilala, nkhaniyo n'kuikankhira ku COP17 ya ku Mongolia mu 2026. Palibe nthumwi imene inakana chifukwa choti sinaonepo ng'ombe yofa ndi ludzu. Anasemphana pa zoti panganolo likhale lomanga mayiko kapena ayi, ndiponso kuti alipire ndani. Mkangano wotere suthera m'magalasi.

N'chimodzimodzi ndi Great Green Wall, ntchito imene African Union inakhazikitsa mu 2007 kuchokera ku Senegal mpaka ku Djibouti, yofuna kukonzanso mahekitala 100 miliyoni pofika 2030. Lipoti la 2020 linapeza kuti m'dera lenileni la ntchitoyo munali mutakonzedwa mahekitala pafupifupi 4 miliyoni okha. Mu January 2021 ku Paris munalonjeza ndalama zoposa madola 14 biliyoni. Amene ali kumunda akhala akudandaula kuti ndalamazo zimafika mochedwa ndiponso movuta kuzitsata. Olonjezawo mitima inawagunda kale. Chotsala n'kulipira.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene amalawirira m'bandakucha kukafuna madzi safunikira chida choti aonere chilala. Zilipo zimene iyeyo sangathe kuona ndi maso ake: kuti madzi apansi panthaka atsika motani, kuti madzi a mvula akagwa kumtunda adutsa pati asanakumbe chigwembe m'munda mwake, ndiponso kuti boma kapena kampani ikukonza zotani pamalo pomwe iye amadyetsa mbuzi. Ngati luso ili lili ndi ntchito m'madera ouma, ntchito yake ndi imeneyo. Koma ndalama zambiri zikupita koonetsa anthu akutali zimene eni dera akuziona kale.

Dandaulo lachiwiri ndi la zida zenizenizo. Ndinakhalapo pa chionetsero chimene bungwe lina linabweretsa kwa abusa a ziweto m'dera lina louma. Anabwera ndi magalasi ochepa m'zikwama zokongola, anthu n'kufola padzuwa. Wovala aliyense ankatuluka thukuta, siponji yogunda kumaso ija n'kunyowa, wotsatira n'kuvala chomwecho. Fumbi likalowa, mnyamata wa bungwelo ankapukuta ndi malaya ake. Dzuwa lisanafike paliwombo zida zinayamba kulemba kuti zatentha, n'kumazima chimodzichimodzi. Agogo ena anavula msanga, akuti mutu ukuwazungulira. Mawu a m'kanemamo anali a chilankhulo chimene ambiri sankachimva, ndipo womasulira sankaona zimene wovalayo akuona, ndiye ankangomasulira mwa m'mutu. Galimoto itanyamuka, zida zonse zinapita nayo. Sindikukayika kuti lipoti lake linati anthu aphunzitsidwa.

Zimenezi sizinali ngozi. Opanga magalasiwa amachenjeza okha kuti dzuwa likawomba mwachindunji pa magalasi amkati, limaotcha sikirini mosakonzeka. Batire la ambiri mwa iwo limatha pa maola awiri kapena atatu. Tsono mwatenga chida choopa dzuwa, fumbi ndi kutentha, n'kuchitumiza komwe zitatuzi zimachita kusefukira. Kum'mwera kwa Sahara anthu pafupifupi 600 miliyoni alibe magetsi, ndipo ku Chad amene ali nawo sakwana mmodzi mwa anthu asanu. Bungwe la United Nations loona za mafoni ndi intaneti, la ITU, linati mu 2024 anthu 2.6 biliyoni padziko lonse anali asanalumikizidwe pa intaneti. Ambiri mwa iwo ali kumidzi.

Komanso zidazi sizikhalitsa pamsika. Google inatulutsa Cardboard mu 2014, timagalasi ta katoni totsika mtengo timene masukulu ambiri anatidalira, n'kusiya kutigulitsa mu 2021, chaka chomwe inatsekanso pulogalamu yake ya masukulu ya Expeditions. Magalasi a Oculus Go anatuluka mu 2018, pofika 2020 anali atasiyidwa. HoloLens 2 ya Microsoft, imene makampani ambiri anaigula kuti aziphunzitsira amisiri, inaleka kupangidwa mu 2024. Sindikuwadzudzula eni makampaniwa, ndi malonda awo. Koma inu amene mukusaina mapulani a zaka khumi kapena makumi awiri muyenera kudziwa kuti msangu kapena mlambe wobzalidwa tsiku limene mwagula chidacho udzakhala usanayambe n'komwe kupereka mthunzi pamene chidacho chidzakhale chosagwiranso ntchito.

Dandaulo lachitatu ndi limene limandisowetsa tulo, ndipo mundipirire ndikhalitsepo.

Wojambula pakompyuta mukamuuza kuti aonetse dera louma litachira, amajambula nkhalango yothithikana, mitengo yofanana msinkhu ili ndandanda, kamtsinje kabuluu kakuyenda pakati. Pa chionetsero chija, bambo wina wachikulire atavula magalasi anangofunsa funso limodzi, lakuti m'nkhalango yokongolayo ng'ombe zake zidzadutsira pati popita kumadzi. Panalibe woyankha. M'chithunzimo munalibe ng'ombe, munalibe njira ya ziweto, munalibe ngakhale munthu.

Madera ambiri ouma si nkhalango zimene zinalephera kukula. Ndi malo a msipu ndi zitsamba, omwe mvula yake imagwa pano chaka chino, uko chaka chamawa, ndipo kusamuka kwa abusa kutsata mvulayo ndiko kumapatsa udzu mpata wophukiranso. Mukadzaza malo otere ndi mitengo yolakwika, mumaphetsa msipu ndipo mitengoyo imayamwa madzi apansi omwe ndi ochepa kale. Umboni ulipo. Mtengo wa Prosopis juliflora unachokera ku America, n'kubzalidwa ku Baringo m'dziko la Kenya ndi ku Afar m'dziko la Ethiopia ndi cholinga chabwino choletsa chipululu ndi kupereka nkhuni. Unamera ndithu, mpaka kupyola muyeso. Unalanda msipu, minga yake n'kutseka njira zopita kumadzi, zipatso zake n'kumaononga mano a mbuzi. Mu 2006 anthu a mtundu wa Ilchamus anasumira boma la Kenya, ndipo anatengera kukhoti mbuzi yopanda mano kuti oweruza adzionere okha. Mukanajambula Baringo ya nthawi imeneyo kuchokera m'mwamba n'kuiika m'magalasi, nthumwi zikanawomba m'manja poona kubiriwira.

Tsopano taonani komwe zinthu zinayendadi. Ku Maradi m'dziko la Niger, m'zaka za m'ma 1980, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, anazindikira kuti tizitsamba timene alimi ankadula chaka ndi chaka polima tinali mphukira za zitsa zamoyo, zokhala ndi mizu yakuya kale. Alimi anayamba kusankha mphukira zochepa zamphamvu pa chitsa chilichonse, n'kusadza zinazo. Malamulo amene ankachititsa mlimi kuona mtengo wa m'munda mwake ngati wa boma atafewa, njirayi inafala kuchoka kwa mlimi kupita kwa mlimi mnzake, mpaka mahekitala pafupifupi 5 miliyoni ndi mitengo pafupifupi 200 miliyoni. Ku Yatenga m'dziko la Burkina Faso, malemu Yacouba Sawadogo anatenga maenje akalekale obzalamo otchedwa zaï, n'kuwakulitsa, n'kumathiramo manyowa chilimwe chisanathe. Manyowawo amaitana chiswe, chiswe n'kuboola timayenje m'nthaka youma gwa, mvula ikagwa madzi n'kulowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. Anthu awiriwa analandira mphotho ya Right Livelihood mu 2018.

Munda wa zaï m'chilimwe si wokongola. Ndi maenje, ndowe ndi chiswe. Munda wa mlimi wa ku Maradi ndi mitengo yotalikirana, yosiyana misinkhu, mbewu ndi ziweto zili pansi pake. Palibe wojambula amene angajambule zimenezi ngati sanauzidwe ndi mwini munda, ndipo palibe wopereka ndalama amene angagome nazo m'magalasi. Choopsa n'chakuti amene wazolowera kuona nkhalango ya pakompyuta amayamba kufuna yomweyo kumunda, mapulojekiti n'kumathamangira kubzala mbande zambiri tsiku limodzi kuti ziwerengero zikome, chilimwe n'kudzazipsereza zonse.

Pali china choposa apa. Mapu a papepala munthu amawayang'ana n'kumakayika. VR imagwira thupi lonse, moti munthu amadzimva kuti wafikadi pamalopo. Chida champhamvu chotere chikakhala m'manja mwa amene akufuna kuti mudzi uvomere kupereka malo ake, kaya ndi a munda waukulu wa mitengo, kaya a malonda a kaboni (omwe makampani oipitsa mpweya amalipira kuti mitengo isungidwe), kaya a mapanelo a sola, chimasanduka chokopera. Anthu amaonetsedwa chaka cha mvula yabwino chokha. Chitsime chimene chidzakhale mkati mwa mpanda sichioneka.

Dandaulo lachinayi ndi lalifupi koma si laling'ono. Kuti mumange dera mu VR kapena AR mumayenera kulijambula lonse: zitsime, madambo osungira msipu wa chilimwe, njira za ziweto, malire a minda. Nzeru zimenezi anthu azisunga mibadwomibadwo, ndipo zina sauza mlendo dala. Zikalowa m'kompyuta ya kampani ya kutali, mwini wake amakhala ndani? M'madera momwe alimi ndi abusa akulimbirana madzi, kapena momwe muli magulu a zida, mapu osonyeza chitsime chobisika akhoza kuphetsa anthu.

Lachisanu ndingolitchula. Zidazi nazo zili ndi ludzu lake. Gawo lalikulu la lithium wa m'mabatire limachokera ku Atacama m'dziko la Chile, amodzi mwa malo ouma kwambiri padziko, komwe amapopa madzi amchere apansi n'kuwayanika m'maiwe. Nyumba zosungira makompyuta akuluakulu zambiri zimazizira ndi madzi. Ndipo lipoti la United Nations linati mu 2022 dziko linataya zinyalala za zida zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, zosakwana gawo limodzi mwa anayi n'zomwe zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Magalasi akafera kumudzi, batire lake limathera m'dzala.

Ndinalonjeza kutchula pomwe luso ili lingathandize, ndipo ndikutero ndi mtima wonse.

Ku yunivesite ya California ku Davis, Oliver Kreylos ndi anzake anapanga bokosi la mchenga la AR. Ndi bokosi wamba lodzaza mchenga, pamwamba pake pali kamera yoyeza kutalika kwa zinthu ndi pulojekita. Mukaunjika mchenga kukhala phiri, mizere yosonyeza kukwera kwa malo imajambulika pomwepo. Mukatambasula dzanja pamwamba pake, mvula ya kuwala imagwa, madzi n'kumatsetsereka kutsata zigwa zimene mwaumba. Mukakumba kangalande kopingasa kapena kuika kamzere ka miyala, mumaona madzi akuchepa liwiro n'kuima. Pulogalamu yake ndi yaulere. Chimene ndimachikondera n'chakuti palibe wotsekedwa maso. Anthu ambiri amazungulira bokosi limodzi, manja ali mumchenga, wa kumtunda ndi wa kumunsi n'kumatsutsana pamaso pa onse za komwe madzi a mnzake amathera. Ntchito ya mlangizi imene imatenga nyengo yathunthu kuifotokoza ndi pakamwa, pamenepo imaoneka ndi maso.

Kum'mwera kwa Chad, Hindou Oumarou Ibrahim wa mtundu wa Mbororo anasonkhanitsa abusa, alimi ndi akuluakulu a boma kuti aumbe limodzi mapu a dera lawo osonyeza mapiri ndi zigwa. Amuna anaikapo mitsinje ndi njira za ng'ombe, amayi n'kudzawonjezera akasupe ndi malo a mitengo ya mankhwala ndi zipatso amene amunawo anawaiwala. Mapu otere ndiwo oyenera kulowa m'kompyuta, eni ake atavomera, chifukwa anayambira pansi.

AR ingathandizenso amisiri. Ku Jordan, limodzi mwa mayiko osowa madzi kwambiri, pafupifupi theka la madzi olowa m'mapaipi limatayika kapena silifika polipiridwa. Mmisiri amene foni ikumuonetsa pomwe paipi yadutsa amakumba pamalo oyenera m'malo mong'amba msewu wonse. Kum'mwera kwa Sahara mjigo umodzi mwa inayi kapena isanu iliyonse umakhala wakufa pa nthawi ina iliyonse, ndipo wokonza mijigo wa kumudzi akhoza kupindula ndi foni yomuonetsa mmene zitsulo zamkati zimalumikizirana, kapena yolola katswiri wa kutali kuona zimene iye akuona n'kumulozera. Komabe apa ndichenjeze monga munthu wa kumunda. AR imangobwereza mapu amene mwaipatsa. Ngati mapaipi sanalembedwe bwino, idzakuonetsani bodza looneka bwino. Ndipo GPS ya foni wamba imaphonya ndi mamita angapo, pomwe kalozera amafuna kulondola kwa masentimita. Pa ntchito imeneyo kapaipi koonekera mkati kothiramo madzi, komangirira pa ndodo ziwiri, kamaposa foni, ndipo sikafuna kutchaja.

Dzombe litabuka kum'mawa kwa Africa mu 2019 ndi 2020, chimene chinathandiza bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, kudziwa komwe lili chinali pulogalamu ya eLocust3m ya pafoni wamba, imene anthu a m'madera omwewo ankatumizira malipoti. Zithunzi za setilaiti za Landsat zilipo kuyambira 1972 ndipo ndi zaulere kuyambira 2008. Kuphwa kwa nyanja ya Aral ya ku Asia, imene mitsinje yake ya Amu Darya ndi Syr Darya inapatutsidwira m'minda ya thonje, mukhoza kukuonetsa chaka ndi chaka pa khoma loyera ndi pulojekita imodzi, mudzi wonse n'kuonera pamodzi n'kukambirana. Pomwe njira yotsika mtengo ikugwira ntchito, yodula iyenera kufotokoza chifukwa chake yabwera.

Choncho, olemekezeka, ndikupempha izi:

1. Pulojekiti iliyonse ya m'madera ouma yokhala ndi VR kapena AR itulutse poyera ndalama zimene zapita ku zidazo, kwa ojambula ndi kwa alangizi akunja. Ngati cholinga chake ndi kukopa opereka thandizo, ndalamazo zichokere ku thumba la zofalitsa nkhani, osati la mijigo, mbande ndi malipiro a anthu okumba.

2. Musanagule chida, chiyerekezeni ndi njira zomwe zilipo kale: wailesi, sewero, mapu oumba ndi manja, kapena kutengera alimi kukaona munda wa mlimi mnzawo, imene ndi njira yomwe inabiriwitsa Niger. Ndipo poyeza zotsatira musatiwerengere anthu amene anavala magalasi. Bwererani chilimwe chitadutsa mutiuze mitengo yotsala ndi moyo, mijigo yotulutsa madzi, ndi zigwembe zimene zaleka kukula.

3. Chithunzi chilichonse cha tsogolo la dera chijambulidwe pamodzi ndi eni dera, amayi ndi abusa osamukasamuka asasiyidwe. Chisonyeze njira za ziweto, zitsime ndi mipanda yonse imene idzamangidwe. Chisonyeze chaka cha chilala monga chikusonyezera chaka cha mvula, ndiponso zimene anthu adzataye. Wochionetsa anene momveka kuti ndi zongoyerekeza. Pasakhale kusainitsa kapena kudinditsa chala pa nkhani ya malo tsiku lomwe anthu aonetsedwa chithunzicho. Apatsidwe nthawi yokagona nayo nkhani ndi kufunsa ena.

4. Mapu ndi zithunzi za dera zikhale za eni dera. Atsale ndi zawo m'njira imene angathe kutsegula popanda kampani yanu, akhale ndi ufulu wobisa malo amene safuna kuti adziwike, ndipo zisagulitsidwe kwa wina iwo osavomera.

5. Inu eni makampani, ngati mukufunadi kuthandiza madera ouma, pangani zogwira ntchito pa mafoni amene anthu ali nawo kale, popanda intaneti, zolankhula ndi mawu m'zilankhulo za anthuwo chifukwa si onse amawerenga. Lembani m'pangano kuti mudzazisamalira zaka zingati, ndipo zikafa mudzazitenge.

6. Ikani patsogolo zida zimene anthu amaonera limodzi ndiponso zothandiza amisiri a madzi, ndipo yambani mwalipira ntchito yosasangalatsa yolemba bwino mapaipi, mijigo ndi kuya kwa madzi apansi. Phunzitsani achinyamata a m'maderamo kuzikonza, kuti galimoto ikapita ntchito isapite nayo.

7. Bungwe la United Nations linasankha 2026 kukhala chaka cha malo odyetsera ziweto ndi abusa ake. Pamisonkhano yanu, ndalama zina zimene mukanamangira kangodya ka magalasi zigulire abusa ndi alimi matikiti, muwathandize kupeza ma visa, muwapatse womasulira ndi mpando m'chipinda chomwe mukugamula nkhani. Chithunzi sichingakufunseni kuti ng'ombe zidzadutsira pati, ndipo sichingakukumbutseni za ndalama zimene munalonjeza ku Paris.

Ndalemba poyera, ndipo ndikupempha kuti yankho lanu likhalenso la poyera, mfundo ndi mfundo, makamaka pa pempho loyamba ndi lachitatu, amene safuna ndalama zatsopano kuti atheke. Kwa alangizi anzanga ndi onse amene mwawerenga, ngati mukudziwa wina amene akulemba bajeti ya pulojekiti yotere, mufikitseni kalatayi bajetiyo isanasainidwe.

Ndine wanu pa ntchito yosamalira nthaka,

Mlangizi wa za nthaka ndi madzi